Kodi a Acção Social Amaphunzira Kuti Ntchito Yawo?

Mwina munawaonapo. Amabwera pa njinga yamoto kapena pa galimoto ya boma, kope lili m'manja. Akapatsidwa mpando amayamba kufunsa: Pakhomo pano mumagona anthu angati? Ana awa makolo awo ali kuti? Dzulo munadya kangati? Kuno ku Angónia timangowatchula kuti a Acção Social. Pa Chipwitikizi, amene anaphunzira ntchitoyi ku yunivesite amatchedwa assistente social. Abale athu a ku Dedza ndi ku Ntcheu amati alangizi a chisamaliro cha anthu.

Mafunso awo si opepuka. Amakhudza njala, matenda, ukwati, imfa ndi manyazi a pabanja. Zimene alembe m'kopemo zingachititse kuti gogo alowe m'kaundula wa chithandizo kapena asalowe. Zingachititse kuti mwana achotsedwe pa banja limene akuzunzidwa, kapena asiyidwe pomwepo. Ndiye nkoyenera kuti mudziwe munthu wotere anaphunzira chiyani, anaphunzira kuti, ndiponso ndani amaona ngati akugwira bwino ntchito.

Si onse amene anaphunzira mofanana

Choyamba tisiyanitse anthu atatu, chifukwa ambiri timawasakaniza.

Pali permanente wa INAS. Ameneyu ndi mnzathu wa m'mudzi momwemo. Amathandiza kupeza okalamba ndi olumala ofunika chithandizo, amauza anthu tsiku lolandira ndalama, amanena ngati wolandira wamwalira. Amaphunzitsidwa kwa masiku ochepa chabe. Mphamvu yake ndi yakuti amadziwa khomo lililonse.

Pali técnico, amene anachita maphunziro a pakati, a ntchito ya manja ndi ya mu ofesi, atatsiriza 10ª kapena 12ª classe. Ambiri mwa amene mumawapeza ku ofesi ya boma ku Ulónguè, ija amati Serviço Distrital de Saúde, Mulher e Acção Social, ali pa mlingo umenewu.

Ndiye pali assistente social, amene anatha zaka zinayi ku yunivesite. Nkhani yathu yakhazikika kwambiri pa ameneyu, ndi pa amene amapitiriza kuphunzira pambuyo pake.

Zinayamba bwanji?

Kusamala amasiye ndi okalamba sikunabwere ndi boma. Mbumba inali ndi mwini wake, mudzi unali ndi nyakwawa, mpingo unali ndi amayi oyendera odwala. Mpaka lero mwana wamasiye ambiri amaleredwa ndi agogo kapena azakhali, osati ofesi.

Koma pali nthawi imene mudzi womwewo umabalalika. Akuluakulu mukukumbukira nkhondo imene inatha pa 4 Okutobala 1992, pamene anasaina mtendere ku Roma. Anthu a ku Mozambique pafupifupi 1 miliyoni anathawira ku Malawi, ndipo a ku Angónia anali ambiri pakati pawo. Pothawa usiku, ana ena anasochera. Ena anatengedwa ndi asilikali. Kuyambira mu 1988 boma, mothandizana ndi bungwe la Save the Children, linayamba ntchito yofufuza abale a ana amenewa. Ankajambula mwana chithunzi, kulemba dzina la mudzi wake, la mfumu yake, la mtsinje umene akuukumbukira, kenako n'kumaonetsa zithunzizo m'misasa ndi m'midzi. Ntchito imeneyi inaonetsa kuti chifundo chokha sichikwanira. Kufunsa mwana wa zaka 6 amene anaona makolo ake akuphedwa kumafuna luso. Ukafunsa molakwa, mwanayo amatseka pakamwa, osatsegulanso.

Mu 1990 boma linatsegula ofesi yotchedwa GAPVU, yopereka kandalama ka chakudya kwa osauka a m'mizinda. Mu 1997 m'malo mwake munalowa INAS, Instituto Nacional de Acção Social, imene pang'onopang'ono inafika ndi kumidzi. Chithandizo cha okalamba ndi olumala chija lero chimatchedwa Subsídio Social Básico. Mu 2018 anachiika pa 540 meticais pamwezi kwa munthu wokhala yekha. N'zochepa, palibe angatsutse. Komabe kuti ndalama zochepazo zifike kwa mwini wake weniweni, pamafunika anthu odziwa kufufuza ndi kulemba zoona.

Kunja kwa dziko lino, sukulu za ntchitoyi zinayamba kale. Ku New York kunachitika maphunziro oyamba mu 1898, ndipo ku Amsterdam anatsegula sukulu mu 1899. Kufupi ndi kwathu, ku Johannesburg, mu 1941 kunatsegulidwa Jan H. Hofmeyr School of Social Work, yophunzitsa anthu akuda. Winnie Mandela anaphunzira kumeneko. Joshua Nkomo wa ku Zimbabwe nayenso anaphunzira kumeneko. Ndipo mu 1948 kunalowa mnyamata wina wa ku Manjacaze, m'chigawo cha Gaza, dzina lake Eduardo Mondlane. Inde, yemwe uja anadzakhala mtsogoleri woyamba wa FRELIMO. Paubwana wake ankaweta ziweto, ndipo sukulu anayamba mochedwa. Inu amene mwaphunzira kuwerenga muli kale ndi ana, mfundo imeneyi musaiphonye.

Makwerero ake

Munthu wofuna kukhala assistente social ayenera kutsiriza 12ª classe. Kenako amalemba mayeso olowera ku yunivesite, aja amati exame de admissão. Akakhoza amayamba licenciatura ya Serviço Social, imene imatenga zaka zinayi. Ku Maputo maphunzirowa amapezeka ku Universidade Eduardo Mondlane ndi ku ISCISA, sukulu ya ukachenjede ya za umoyo imene inakhazikitsidwa mu 2003. Kutsidya kwa malire, ku Malawi, kuli Magomero College m'boma la Chiradzulu, imene kwa zaka zambiri yakhala ikuphunzitsa alangizi a chisamaliro cha anthu ndi a chitukuko cha m'midzi. Digiri ya ntchitoyi imapezekanso ku Catholic University of Malawi ku Nguludi ndi ku University of Malawi ku Zomba.

Apa pali vuto loonekeratu. Kuchokera ku Ulónguè kukafika ku Maputo ndi makilomita oposa 1,500. Nthambi ya Universidade Zambeze imene ili ku Ulónguè imaphunzitsa za ulimi. N'zoyenera, paja kuno ndi kwa chimanga, mbatatesi, nyemba ndi soya. Koma zikutanthauza kuti mwana wa kuno wofuna ntchito ya chisamaliro ayenera kuchoka pakhomo, kukalipira nyumba ndi chakudya kutali.

M'kalasi amaphunzira zambiri. Amaphunzira mmene mwana amakulira m'thupi ndi m'maganizo. Amaphunzira chimene chimabweretsa umphawi, ndi chifukwa chake umphawi umakonda kutsata banja limodzi kuyambira kwa agogo mpaka kwa zidzukulu. Amaphunzira kuwerengera ndi kulemba lipoti. Amaphunziranso malamulo, ndipo awa ndi ofunika kuti inunso muwadziwe. Lamulo la 7/2008 limateteza ufulu wa mwana. Lamulo la 29/2009 limaletsa nkhanza za m'banja zochitira amayi. Lamulo la 3/2014 limateteza okalamba. Lamulo la 19/2019 limaletsa kukwatira kapena kukwatiwa munthu asanakwane zaka 18, ndipo wamkulu wokwatira mwana akhoza kukhala m'ndende mpaka zaka 12.

Kuphunzira pamalo a ntchito

Tsopano tafika pa chimake cha nkhani. Mlimi saphunzirira kupalira m'buku. Wa chisamaliro nayenso sangaphunzirire m'kalasi mokha kulowa pakhomo pamene pali maliro, mkangano kapena njala. Nchifukwa chake wophunzira aliyense amatumizidwa ku estágio, kutanthauza nthawi yophunzira akugwira ntchito. Amamutumiza ku chipatala, ku ofesi ya INAS, ku malo olerera ana, ku ndende, kapena ku bungwe lothandiza anthu. M'maiko ena anachita kuwerengera maola. Ku United States, wa digiri yoyamba ayenera kukwanitsa maola 400 pamalo a ntchito, ndipo wa digiri yachiwiri maola 900.

Wophunzirayo sayenda yekha. Amakhala ndi omuyang'anira awiri. Mmodzi ndi wantchito wakale wa pamalopo, wina ndi mphunzitsi wake wa ku yunivesite. Masiku oyamba ntchito yake ndi kuona ndi kumvetsera basi. Amakhala pambali, osalankhula. Pambuyo pake amapatsidwa mpata wofunsa mafunso, womuyang'anira ali pomwepo. Akaoneka kuti wakhwima, amapatsidwa mabanja angapo oti aziwayendera. Madzulo alionse amalemba zimene waona, zimene wamva, ndi zimene iye wachita. Kenako amakhala pansi ndi womuyang'anira n'kuwerenga limodzi.

Kukambirana kumeneku ndiko kumaumba munthu. Tiyeni tiyerekeze. Wophunzira wapita kwa gogo wina wa kufupi ndi Dómuè, amene akulera zidzukulu zitatu. Wabwera n'kulemba kuti: "Gogoyu sasamala ana. Ana ndi auve ndipo sapita kusukulu." Womuyang'anira wabwino sangolandira mawuwa. Amafunsa: Waona chiyani ndi maso ako? Zovala zakuda? Mjigo uli pamtunda wanji? Sopo anagula liti? Ana sapita kusukulu chifukwa gogoyo sakufuna, kapena chifukwa alibe chikalata cha kubadwa, kapena ali ku ganyu yokumba mbatatesi kuti apeze ufa? Unawafunsa anawo paokha? Wophunzira amabwerera, n'kukapeza kuti gogoyo maso akuvuta, ndipo anthu oyandikana naye anasiya kumuyendera kuyambira pamene wina anamunena ufiti mwana wake atamwalira. Lipoti lachiwiri limatuluka losiyana kwambiri ndi loyamba. M'malo mwa kudzudzula, muli zochita: kupita naye ku chipatala cha maso, kulembetsa ana ku Registo Civil, kuona ngati angalowe mu INAS, ndi kukhala pansi ndi nyakwawa pa nkhani ya ufiti ija.

Mwaona kusiyana kwake? Lipoti loyamba linali maganizo a wolemba. Lachiwiri linali zimene zilipodi. Kusiyanitsa ziwirizi ndi phunziro lalikulu la estágio, ndipo ena amatenga chaka chonse kuti alimvetse.

Phunziro lachiwiri ndi kusunga chinsinsi. Mayi akaulula kuti akumwa mankhwala a HIV, kapena kuti mwamuna wake amamumenya, mawuwo sayenera kumveka pa msika kapena pa chigayo. M'mudzi mmene aliyense ndi mbale wa mnzake, izi n'zovuta kuposa mu mzinda. Ngakhale kuima kwa njinga yamoto pakhomo kumayambitsa manong'onong'o. Wophunzira amaphunzitsidwa kusankha malo okambirana, kutseka kope, ndi kusatchula maina pokambirana ndi anzake. Koma chinsinsi chili ndi malire. Mwana akakhala kuti akugwiriridwa, kapena moyo wa munthu uli pangozi, wantchito ayenera kukanena. Wophunzitsidwa bwino amakuuzani malire amenewa poyamba, musanayambe kufotokoza.

Lachitatu ndi kudziwa pamene ntchito yako yathera. Assistente social si dokotala, si wapolisi, si woweruza. Luso lake ndi kudziwa khomo loyenera kugogoda. Wodwala amamutumiza ku chipatala. Womenyedwa amamuperekeza ku Gabinete de Atendimento, ofesi ya apolisi yolandira mabanja ndi ana ochitiridwa nkhanza. Za chisamaliro cha mwana makolo akasiyana amazipititsa ku bwalo la milandu. Ndipo akatumiza munthu, ayenera kubwerera kukaona ngati anathandizidwadi. Pamenepa ndi pamene ntchito zambiri zimafera. Mafuta a njinga atha, mvula yadula msewu, pepala lagona mu kabati.

Palinso phunziro limene silinenedwa kawirikawiri, la kusalonjeza. Ukaona mwana wotupa mapazi ndi njala, pakamwa pamafuna kunena kuti, "Musadandaule, mwezi wamawa mulandira." Koma wophunzira alibe mphamvu pa ndalama za boma, ndipo olandira akudziwa okha kuti nthawi zina miyezi imadutsa osalandira. Lonjezo limodzi labodza limatseka khomo, ndipo wantchito wobwera pambuyo amalipeza lotseka.

Chinyanja ndi mwambo wa kuno

Maphunziro onse a ku yunivesite amachitika m'Chipwitikizi. Koma gogo wa ku Calómuè adzafotokoza mavuto ake m'Chinyanja. Wophunzira wochokera ku Maputo kapena ku Beira amafuna womasulira. Nthawi zambiri womasulirayo ndi permanente kapena mfumu. Taganizani: mtsikana wa zaka 15 angaulule bwanji kuti akumukakamiza ukwati, pamene womasulira ndi mnzawo wa bambo ake?

Chilankhulo sichili m'mawu okha. Munthu wa kuno akati "tilipo," sakutanthauza kuti zonse zili bwino. Akati mwana "anamuononga," wanena nkhani yaikulu m'mawu amodzi. Mayi akakhala chete maso ali pansi, sikuti wavomera.

Mwambo nawonso umasiyana. Kum'mwera kwa dziko lino, kumene kuli lobolo, ana amawerengedwa a kwa bambo. Kuno pakati pa Achewa, ana ndi a kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi malume. M'mabanja ena a Angoni, zidzukulu za aja anakhazikika m'tsinde mwa phiri la Dómuè, mawu a kuchimuna ndiwo amalemera. Wantchito akafuna kupeza wolera mwana wamasiye, n'kukambirana ndi mbali yolakwika, zimene agwirizane sizikhalitsa. Izi sizitanthauza kuti mwambo uli pamwamba pa lamulo. Malume sangaloledwe kukwatitsa mwana wa zaka 15 chifukwa choti ndiye mwini mbumba. Koma wantchito wanzeru amayamba wakhala pansi ndi malumeyo, chifukwa akapanda kumvetsa iye, mtsikanayo adzabwezedwa kwa mwamuna galimoto ya boma ikangochoka.

Malire nawo amaonjezera zake. Mwana akhoza kubadwira ku chipatala cha ku Dedza, bambo ake ali ku Lilongwe, mayi ake ali ku Angónia. Mtsikana wokwatitsidwa akhoza kuwolokera tsidya lina usiku umodzi. Wogwira ntchito kuno ayenera kudziwa anzake a mbali ya Malawi ndi malamulo awo. Izi saziphunzira ku Maputo, amaziphunzira atafika.

Pa zifukwa zimenezi, ine ndimaona kuti boma la Angónia, limene pa kalembera wa 2017 linali ndi anthu oposa 400,000, likufunika ana ake enieni pa ntchito imeneyi. Wobwera akhoza kuphunzira Chinyanja, ndipo ena amachiphunziradi bwino. Koma nthawi zambiri akangozolowera amasamutsidwa.

Kupitirira licenciatura

Ena akagwira ntchito zaka zingapo amabwerera ku yunivesite kukachita mestrado, digiri yachiwiri, imene imatenga pafupifupi zaka ziwiri. Pamwamba pake pali doutoramento. Mondlane uja, atachotsedwa ku South Africa ndi boma la tsankho mu 1949, anadzera ku Lisboa n'kupita ku United States, kumene anatenga madigiri onse atatu pa maphunziro a chikhalidwe cha anthu.

Mwina mukufunsa kuti, nanga digiri yachiwiri imathandiza chiyani gogo wa kumudzi? Imathandiza m'njira zosaonekera msanga. Wa mestrado amaphunzira kufufuza. Mwachitsanzo, akhoza kuyenda m'midzi kufunsa chifukwa chake atsikana amasiya sukulu nthawi yokolola, n'kulemba zimene wapeza kuti okonza mapulani ku Tete ndi ku Maputo aziwerenge. Amaphunziranso kutsogolera ofesi ndi kuyang'anira anzake. Ndipo ndi iyeyo amene amadzaphunzitsa ophunzira atsopano. Popanda oyang'anira ophunzira bwino, estágio imasanduka kukhala pa benchi ndi kunyamula mafayilo. Wophunzira amasainitsa pepala loti anafika, koma sanaphunzire kanthu.

Koma digiri yambiri ili ndi msampha wake. Munthu akamakwera, amatalikira mkeka. Amayamba kudziwa osauka mwa manambala okha. Nchifukwa chake maphunziro abwino a mestrado amabwezanso munthu kumudzi, kuti zimene akulemba azione ndi maso.

Wophunzira akafika pakhomo panu

Tsiku lina akhoza kufika mnyamata kapena mtsikana wovala bwino, n'kunena kuti ali pa estágio. Mulandireni monga mlendo aliyense, koma dziwani izi. Muli ndi ufulu womufunsa dzina lake, sukulu yake ndi dzina la womuyang'anira. Muli ndi ufulu wopempha kuti akuonetseni kalata yomuloleza, ija amati credencial. Tsopano mumatha kuwerenga, ndiye iwerengeni nokha, ndipo muone ngati ili ndi chidindo. Mufunseni kuti zimene akulembazo zipita kwa yani. Ngati funso lina simukufuna kuyankha, nenani. Ngati akufuna kujambula chithunzi cha inu kapena cha mwana wanu, ayambe wapempha. Asanachoke, mungamuuze kuti akuwerengereni zimene walemba, ndipo pamene walakwitsa mumukonze. Musaope kuti mukumuchititsa manyazi. Iye wabwera kudzaphunzira, ndipo pa nkhani ya moyo wa pakhomo panu mphunzitsi ndi inu.

Kulembetsa m'kaundula wa chithandizo cha INAS sikulipiritsa. Munthu akakuuzani kuti mupereke nkhuku, ndowa ya chimanga kapena ndalama kuti dzina lanu lilowe, kanenani ku ofesi ya boma. Chimodzimodzi ngati wantchito waulula chinsinsi chanu. Pa nkhani yokhudza mwana amene ali pangozi, mukhoza kuimba 116, Linha Fala Criança, ndipo simulipira. Ku Malawi nambala yothandiza ana ndi yomweyo, 116.

Ngati muli ndi mwana wa ku sekondale amene anzake amakonda kumuuza mavuto awo, amene amamvetsera osadula mawu ndipo samaulula, muuzeni kuti ntchito imeneyi ilipo. Mayunivesite amatulutsa chaka chilichonse chikalata chotchedwa edital, chonena maphunziro amene alipo, malo angati, ndi masiku a mayeso. Aphunzitsi a ku sekondale angamuthandize kuchipeza pa intaneti. Podikira, akhoza kuyamba kuona ntchitoyi pafupi. M'midzi yambiri muli Comité Comunitário de Protecção da Criança, komiti ya anthu a m'mudzi yoteteza ana, ndipo imafuna anthu odziwa kulemba maina ndi kusunga kaundula. Inunso amene mwangotsiriza kalasi ya alfabetização mungapemphe kulowa nawo.